Paipi ya Mkamwini

Bryson akanadziwa, bwenzi akumwabe madzi a kumtsinje. Anali mkamwini wochokera ku Thyolo, ndipo ntchito yake ku Likhubula inali yosenza katundu wa alendo okwera phiri. Ndi msana womwewo anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ya simenti pansi, pamalo a kwawo kwa mkazi wake, Esteri. Kenako anakoka madzi. Kuti paipi ifike pakhomo pake, inadutsa pansi kuseri kwa nyumba ya zidina ya apongozi ake, mayi Sabina, pafupi ndi bafa lawo.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Bryson anaona udzu wobiriwira kuseriko. Ataima patali anaonanso kuti khoma lada m'munsi. Paipi inali ikudontha. Kukonza kwake kunali kwa ola limodzi: khasu, mphira yomangira, basi. Koma mkamwini waulemu saponda kumene apongozi amasamba, ndipo salankhula nawo maso ndi maso. Choncho anatuma mkazi wake.

Esteri anabwerako ndi yankho. "Akuti musakumbe. Kumeneko ndi kumene amayanika zovala zam'kati. Akuti adikira malume adzakumbe okha."

"Ndiye nditseke madziwo," anatero Bryson.

"Mutseke, iwowo azitunga kuti? Mukufuna azinena kuti mwawamana madzi?"

Malumewo, a Spencer, anali kapitawo kuesiteti ya tiyi, munthu wa mawamawa. Sanabwere. Bryson anakwera phiri ndi alendo masiku anayi, mtima uli m'mwamba. Potsika anapeza khoma lili pansi. Linagwa masana, mayi Sabina akupeta m'mphepete mwake. Chimanga chawo chonse chinali m'matope, ndipo iwo anali kuchipatala ku Boma, mwendo utathyoka.

Mayi Sabina atatuluka kuchipatala, abale anasonkhana pabwalo la nyumba yakugwayo. Tsiku limenelo a Spencer nthawi anaipeza.

"Akamwini, paipi ndi ya ndani?" anafunsa a Spencer.

"Ndi yanga, malume."

"Munaona kuti ikudontha?"

"Ndinaona."

"Ndiye munachitapo chiyani?"

Bryson anayang'ana Esteri. Kuti anene zoona, anayenera kutchula zovala zam'kati za apongozi pamaso pa amuna, n'kuwaloza chala eni akewo ali chigonere pamkeka ndi mwendo wa pulasitala. Iye sakanatha. Esteri akanatha, koma anangoweramira pansi. Mayi Sabina anafunda chitenje kumaso. Bryson anapsa mtima, koma pakamwa panatuluka mawu aulemu okhaokha.

"Ndinachedwa, malume."

"Ehee, mwayankha ngati munthu wamkulu," anatero a Spencer. "Madzi akatayika sawoleka. Muwamangira mayi nyumba ina, ya njerwa zowotcha. Pakadali pano akhala m'nyumba mwanumo. Kapena agone panja?"

Anthu anavomereza kuti n'chilungamo. Aliyense ankadziwa kuti mvula ili pafupi, ndipo njerwa siziumbidwa mpaka Meyi. Ankadziwanso kuti mkamwini sagona denga limodzi ndi apongozi. Palibe anazitchula. Anthu aulemu amadziwa kuthamangitsa munthu popanda kumuuza kuti choka.

Bryson anapempha kuti azigona kukhitchini. Anamuuza kuti ndi pakhomo pomwepo, mayi azichita manyazi potuluka. Anamanga zovala zake m'chikwama.

"Ukanangonena, Esteri," anatero ali pakhomo.

"Ndi mayi anga, bambo a kunyumba. Mumafuna ndiwavule pagulu?"

Dzinja lonse anagona m'kachipinda ka mnzake wosenza naye katundu. Alendo okwera phiri anali ochepa, moti masiku ena ankagona ndi njala. Esteri ankabwera kudzamuona Lamlungu lililonse, kenako patalipatali. Bryson ankalakalaka pakhomo pake koopsa, ndipo chomulimbitsa mtima chinali chimodzi: mvula imatha.

Mu Meyi anabwereka chikombole, n'kupangana ndi anzake atatu kuti adzamuthandize kuponda dothi. Anatumiza uthenga kuti ayamba Lolemba. M'mawa wa Lolembalo, Esteri anawachingamira kumsewu, asanakhote njira yolowera pakhomo. Anapatsa anzake a Brysonwo moni mmodzimmodzi, kenako anakokera mwamuna wake pambali.

"Mayi akuti musavutike n'kuumba," anatero chapansipansi. "Akuti mlandu aukhululuka. Nyumba ina sakuifunanso, yanu ija aizolowera."

"Nanga ine?"

Esteri anayang'ana chikombole chili paphewa pa mwamuna wake.

"Za inu sananene."