Voti ya Bambo

Kalata yochokera kuchipatala sinazungulire. Chaka chamawa kunali malo a wantchito mmodzi yekha, ndipo madokotala a kafukufuku ankafuna kuti odwala sitiroko pamodzi ndi owasamalira asankhe okha woti alembedwe: wophunzitsa kuyenda kapena wophunzitsa kulankhula.

Kwa Mayi Changu limeneli silinali funso n'komwe. Dzinali anawapatsa ndi anzawo osoka zovala, poti diresi ya masiku awiri iwo ankaimaliza dzuwa lisanapendeke. Koma chigwereni amuna awo zaka zitatu zapitazo, makina anachita dzimbiri, ntchito n'kusanduka yonyamula munthu: kuchoka pabedi kupita pachikuku, kuchoka pachikuku kupita kuchimbudzi, tsiku lonse. Msana unali utatheratu. Ankafuna wophunzitsa kuyenda, ndipo ankamufuna ndi mtima wonse.

M'chipinda cha msonkhano anali atachotsamo mipando ina kuti zikuku zikwane kuzungulira tebulo. Panali odwala asanu ndi owasamalira anayi. Dokotala wotsogolera, mayi wochepa thupi wa magalasi, anafotokoza lamulo limodzi lokha: aliyense ali ndi voti yake, ndipo wosamalira sayankhira wodwala. Mayi Changu anavomera ndi mutu, monga timachitira tonse ndi malamulo amene tikuganiza kuti aikira anthu ena.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu wa pakamwa posauma, koma tsopano mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wotsekeka. Mayi Changu anazolowera kuwamalizira. Bambowo akangoyamba, mayi ankadziwiratu kuti ndi madzi, kapena bulangeti, kapena wailesi. Kwa iwo chimenecho chinali chikondi, kusalola munthu wamkulu kulimbana ndi lilime pamaso pa anthu.

Zokambirana zinatenga ola lathunthu. Mayi Changu analankhula bwino, mosabisa kanthu. Anati owasamalira nawonso ndi odwala, kungoti alibe khadi la kuchipatala, ndipo anzawo atatu aja anaseka movomereza. Wodwala wina, mphunzitsi wopuma ntchito, anati iye ankasowa kuyankha foni ya mwana wake, koma mawu akewo anamira m'phokoso la fani.

Nthawi yokweza manja itakwana, ofuna wophunzitsa kuyenda anali anayi. Mayi Changu anagunda amuna awo ndi chigongono. Dzanja labwino la bambowo, lamanzere, linangokhala pantchafu.

“Awanso muwawerenge,” anatero mayiwo.

“Tiwadikire, mayi,” anayankha dokotala.

Ofuna wophunzitsa kulankhula anakweza manja anayi. Kenako, pang'onopang'ono, linakwera lachisanu, la bambowo.

Mayi Changu anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Munthu amene ankamusambitsa, kumupukuta, kumunyamula ngati thumba la simenti, lero wawagulitsa pagulu! Anayang'ana kukhoma kuti misozi ya mkwiyo isaoneke.

Dokotala anapempha aliyense kuti anene chifukwa chake, poti zifukwazo n'zimene zinkalowa m'kafukufuku. Itafika nthawi ya bambowo, anatsegula pakamwa, liwu n'kukakamira. Ngakhale anali okwiya, Mayi Changu anakonzeka kuwathandiza, koma namwino amene anakhala pafupi anawagwira mkono mwakachetechete. Chipinda chonse chinadikira. Kwa munthu wa changu, mphindi imeneyo inali yowawa kuposa msana.

“Akamandidzutsa,” anatero bambowo, “amaima... kumanja. Amakoka... dzanja lakufa.”

Anapuma, n'kumeza malovu. Palibe anawafulumizitsa.

“Mwendo uwu... uli ndi mphamvu. Ataima uku... ndigwire phewa... ndidzuka.”

Zotsalazo zinatenga nthawi yaitali, koma zinamveka. Anati anazindikira zimenezi chaka choyamba chomwe. Anayesa kunena kangapo, koma akangoti ayambe, ankapezeka ali kale m'mwamba, kapena ali ndi kapu ya madzi m'manja. Kenako anangosiya. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali phewa lokokedwalo ayi, koma kumva mkazi wawo akubuula ndi msana pa ntchito yoti akanagawana.

Dokotala anatembenuza mapepala ake n'kuvomera poyera kuti pa mafunso makumi anayi amene anakonza, panalibe ndi limodzi lomwe lofunsa momwe wodwala amadzutsidwira, ndiponso ambiri mwa mapepala oyambirira anadzaza ndi owasamalira. Anati ayambiranso. Mayi Changu sankamva zimenezo. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, osakanikirana ndi mkwiyo umene tsopano unalibe woulandira.

Namwino anafunsa ngati angayese pomwepo. Mayiwo anadzuka, miyendo n'kuwatengera kumanja mwachizolowezi. Anaima, n'kuzungulira kumbuyo kwa chikuku kupita kumanzere. Namwino anamanga mabuleki.

“Musakoke,” anatero bambowo. “Ingoimani.”

Kungoima inali ntchito imene Mayi Changu sanaigwirepo chibadwire. Dzanja linawagwira paphewa, lolemera koma losapweteka. Phazi lamanzere linaponda pansi molimba, chikuku chinalira pang'ono, ndipo bambowo anayamba kukwera okha, akunjenjemera, mpaka bondo kuwongoka. Msana wa mayi sunamve kanthu.

Zaka zitatu zonsezi ankawaona amuna awo ali chikhalire, kapena atapindika pachifuwa pawo. Tsopano anachita kukweza mutu kuti awaone kumaso. Anali ataiwala kuti anakwatiwa ndi munthu wamtali.