Mneni Kumapeto

"Chipolopolo chimodzi basi, anzanga. Ndinangoti phu! Mbalame pansi."

Amene ankanena izi anali Bambo Ortwin Dassel, mfumu yatsopano ya kalabu ya owombera mfuti, unyolo wasiliva uli lende pachifuwa. Chaka chilichonse amuna a m'mudzimo ankasinthana kuwombera mbalame yosema yokhomedwa pamlongoti, ndipo woigwetsa ankavekedwa ufumu mpaka chaka chinacho. A Dassel anayamba kuulakalaka ufumuwo tsitsi lisanawathawe.

Reinhild Oestmann, amene ankapeza zosowa zake poyendetsa khitchini ya kalabuyo chimwalirireni mwamuna wake, ankapukuta matambula. Anasuzumira m'tambula n'kunena chapansipansi m'Chijeremani chawo, "Ob er das wohl selber war?" Kaya anaigwetsadi ndi iwowa, kaya.

Tsoka ilo, oimba malipenga a paphwandolo anasankha nthawi yomweyo kuti apume, ndipo aliyense anamva.

Sabata isanathe, komiti inakhala pansi m'holo ya kalabu, anthu atadzaza mpaka kukhomo. Nkhani inali imodzi: a Dassel ankafuna kuti Reinhild alandidwe khitchini. Reinhild anakhala pampando wakutsogolo, manja ali m'thumba la epuloni. Ntchito ina m'mudzimo kunalibe.

"Wandinena wabodza, pamaso pa anthu anga," anatero a Dassel.

Wapampando, Bambo Eckehard Lüpke, anali mphunzitsi wopuma amene pakamwa pokha sipanapume. Anauza Reinhild kuti abwereze mawu ake ndendende. Iye anabwereza.

"Aha!" anatero a Lüpke, chala m'mwamba. "Mwamva pamene pali mneni, war uja? Kumapeto. Funso lofuna yankho, mneni amatsogola. Koma munthu akayamba ndi ob, n'kuponyamo wohl, timawu ta kaya-kaya tija, mneni n'kumusiya kumchira, ameneyo sakufunsa aliyense. Akungodziyankhulira, ngati munthu woyang'ana mitambo n'kumati kaya igwa. Nanga mvula ingamusumire?"

"Ine si mvula, Eckehard. Ndine mfumu."

"Mpaka chaka chamawa," wina anatero kumbuyo. Anthu anameza kuseka.

A Dassel anafiira khosi. "Ndiye khalidwe la amantha limenelo! Kuponya mwala n'kubisa dzanja. Ngati mayiwa ali ndi funso, afunse ngati munthu, mneni patsogolo, anthu ayankhe. Akayankha kuti ndine, asiye makiyi patebulopa lero lomwe."

A Lüpke anatsegula pakamwa, koma lamulo loletsa zimenezo sanalipeze.

Reinhild anagwira makiyi m'thumba la epuloni. Kunena zoona, iye sanaone kalikonse chogwirika. Tsikulo anali kutali, atanyamula mbale, ndipo zinangomuonekera ngati mbalame inayamba kupendama mfuti isanalire. Kodi munthu angataye mkate wake chifukwa cha "ngati"? Anaganiza zopepesa. Koma atayang'ana nkhope ya a Dassel, anadziwa kuti kupepesa n'kuvomera mlandu, ndipo makiyi apita ndithu.

Anaimirira, n'kutembenukira kwa anthu. Mneni anamuika patsogolo.

"Kodi anaigwetsa ndi iwowa?"

Funso loyamba lija aliyense akanatha kulilambalala mopanda manyazi, popeza silinali lake. Ili linali la aliyense. Amuna anayamba kuwerenga zolemba za pamabotolo awo.

Kenako mpando unakwekwereza kumbuyo. Anali Gisbert Rahlfs, mlimi wa nkhumba, amene tsikulo anawombera mbalameyo, a Dassel n'kutsatira pambuyo pake.

"Ayi," anatero, nkhope ili ngati wabwera kumaliro. "Ndine. Chipolopolo changa chija chinathyola msomali. Mbalame inazengereza pang'ono, n'kugwa Ortwin akutsinzinirabe diso. Iye anangowombera mphepo."

"Ndiye bwanji unakhala chete, iwe?" anafunsa a Lüpke.

"Palibe anandifunsa. Reinhild ankadzifunsa yekha, mwanena nokha." Anakanda m'mutu. "Komanso mfumu imamwetsa mudzi wonse chaka chathunthu. Mkazi wanga anandiuza kuti ndikadzabwera ndi unyolowo ndikagone ndi nkhumba."

Amuna ena awiri amene anaima pafupi ndi mlongoti tsikulo anagwedeza mitu, maso ali pansi.

A Dassel anayang'ana uku ndi uku kufuna wowaikira kumbuyo. Sanam'peze. Anavula unyolo pang'onopang'ono, unakola khutu, anaukoka, n'kuyenda holo yonse kukauveka Gisbert m'khosi.

"Tenga zako," anatero.

"Za khitchini, alipo amene akali ndi mawu?" anafunsa a Lüpke.

Panalibe. Reinhild anakhala pansi.

"Ortwin," anatero Gisbert akukweza unyolo ndi zala ziwiri, "kwanu kuli bedi lapadera?"