Ngolo ya a Blackson

Fainess anali pakati pokwecha mapoto a pamaliro pamene mwana wake Anesi anatulukira ali wefuwefu.

"Amayi, abambo aang'ono atenga ngolo! Akwezamo malata ndi bedi, akuti akupita nazo kwawo kwa Mphuka."

"A Dixon? Omwe aja anakana khasu kumanda, ati msana?"

"Omwewo."

"Wapola msanga."

Ngoloyo ndiyo inkapereka masamba a tiyi kusikelo. Popanda iyo, dengu likanabwereranso pakhosi pa Fainess, khosi loti linatha kale. Malemu amuna ake, a Blackson, anaikhoma atapuma ntchito ya kunjanji ku Khonjeni, komwe ankayendera mawilo a mabogi a sitima. Anzawo popuma anabwera ndi njinga zamoto. Iwo anabwera ndi maberingi awiri otayidwa, zitsulo zozungulitsa mawilo, odyeka mkati ngati dzino lobooka. Fainess anawanyoza mpaka kukhosi kuuma.

"Chitsulo sichitha chifukwa chozungulira, mayi a Anesi," ankatero iwo. "Chimatha pomwe katundu amapanikiza tsiku ndi tsiku. Pamayamba timabala, kenako pamasupuka." Powaika pangoloyo, podyekapo anapakapo penti yofiira n'kupayang'anitsa pansi, kuti kulemera kuzigwera mbali yamoyo.

Fainess anapukuta manja pachitenje n'kuuyamba ulendo, osathamanga.

Anawapeza a Dixon pachitunda cha m'mphepete mwa esiteti, thukuta lili kamukamu. Ngolo inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, osasuntha. Amayi othyola tiyi anali ataimika ntchito, akuonerera.

"Alamu, achimwene ankasunga zinyalala zotani?"

"Munachotsa mawilo?"

"Nanga ikanatuluka bwanji? Chitseko chanu n'chothina."

Fainess anasuzumira. Penti yofiira inali pamwamba mbali zonse ziwiri, ikuyang'ana kuthambo. Anaweramuka.

"Kapena mwailodza?" anafunsa a Dixon.

"Ndilodze ngolo, ndikusiyeni inuyo?"

Amayi a m'tiyi anafa nalo phwete. A Dixon anaimenya theche ngoloyo, n'kudumphadumpha atagwira chala.

"Katundu wa m'bale wanga ndi wanga, mumve!"

"Tengani. Malatawo ngodontha, bedilo lili ndi nsikidzi. Senzani, poti msana lero muli nawo."

"Chigoba chanuchi chitsale! Ngakhale ogula zitsulo sangachifune."

Anaitana anyamata a kabaza, namangirira malata ndi bedi, iwo n'kutsatira pambuyo akutsimphina.

Atazimirira pakona, Fainess anagwada nagunditsa kuseri kwa dzanja pa beringi. Inali yotentha. Ndi mmene a Blackson ankayesera wilo lililonse la sitima. Ndi mmenenso ankamuyesera iye pakhosi akachokera kumunda, kenako n'kumutula dengu.

"Bambo opusa inu," ananong'ona. "Anthu njinga zamoto, inu zimenezi."

Dzanja analisiya pomwepo kanthawi.

"Anesi, katenge sipanala ya abambo ako. Chofiiracho chiyang'ane pansi."

Pobwerera ngolo inayenda mwakachetechete, Anesi akuikankha ndi dzanja limodzi. Pakhomo anapeza nkhuku zitalowa m'mapoto. Fainess anazipirikitsa, nakhala pansi, natapa mchenga. Mwaye unali utaumiranso, ndipo poto wamkulu wa kumpingo anali asanamuyambe n'komwe.