Kiyi wa Mlamu

Marlene Tackett atatuluka m'nyumba m'mawa umenewo anapeza mlamu wake Dwight atanjuta pa masitepe, akukwecha kiyi watsopano pa simenti ngati akunola mpeni. Kunja kunkazizira koopsa, chipale chitaunjikana m'mbali mwa msewu, koma mkuluyo thukuta linali kamukamu.

"Alamu, masitepe angawa akulakwirani chiyani?"

"Ndikumukalambitsa kiyiyu," anatero Dwight osadzutsa mutu. "Kiyi wa zaka zambiri sanyezimira chonchi. Mudzandithokoza."

Dwight anakwatira mng'ono wake wa Marlene, ndipo mumzinda wonse wa Toledo munalibe nkhani imene iye sankaidziwa. Za misonkho ankazidziwa, za matenda a agalu ankazidziwa, za malamulo ndiye musanene, chikhalirecho ntchito yake inali yogulitsa makapeti. Ndi anthu aja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Koma mtima wake unali wabwino, ndipo n'chimene chinkachititsa kuti kumukanira kukhale kovuta.

Galimoto ya Marlene inabedwa kumayambiriro kwa mweziwo, masanasana, iye ali m'sitolo kugulira nkhalamba ina mankhwala. Ntchito yake inali yoyendera okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwakumbutsa kumwa mapiritsi. Popanda galimoto ntchito imeneyi siitheka. Anayesa mabasi, koma ankafika mochedwa paliponse, n'kupeza agogo ena atagona ndi njala. Abwana ake anamuuza mwaulemu koma mosapsatira kuti mwezi ukatha alibe galimoto, okalamba akewo awapereka kwa munthu wina.

Chiyembekezo chonse chinali pa kampani ya inshuwalansi, ndipo kumeneko n'kumene kunaphulika nkhani. Galimotoyo inachitapo ngozi kalekale ili m'manja mwa munthu wina. Inaweruzidwa kuti yatheratu, inagulitsidwa pa okushoni, makaniko wina anaikonza bwinobwino, apolisi a pamsewu anaiyendera n'kuivomereza. Marlene anaigula akudziwa zonsezi. Koma chidindo chakuti "yokonzedwanso" chinatsalira pa chikalata cha umwini ngati chipsera, ndipo a kampani atachiona anati apereka theka lokha la mtengo wa galimoto yoteroyo. Ndalama zakezo sizikanagula ngakhale chiphapha. Marlene atakana, iwo anamuitanira ku ofesi kuti akafunsidwe mafunso, ndipo anati abwere ndi makiyi onse a galimotoyo.

Iye anali ndi kiyi mmodzi yekha. Anaigula ndi mmodzi, ndipo sanaganizepo zopangitsa wina.

Dwight atamva zimenezo anagwira kumutu. Anafotokoza kuti galimoto iliyonse imabwera ndi makiyi awiri, ndiye munthu akapereka mmodzi a kampani amati winayo wapatsa wakuba mochita kupangana, makamaka galimoto ikakhala ya chidindo, yovuta kugulitsa. Popanda kufunsa mwiniwake, anatenga chikalata cha umwini pa tebulo, n'kupita kwa mnzake wosula makiyi, amene anadula kiyi wina potengera nambala ya galimoto. Ndi kiyi ameneyo amene tsopano ankapalidwa pa masitepe.

Marlene anamulandira kiyiyo, osati chifukwa chogwirizana nazo, koma chifukwa cha mantha. Chibadwire anali asanafunsidwepo mafunso ngati wakuba. Ali m'basi popita ku ofesi ija anatulutsa makiyi awiriwo n'kuwayang'ana. Wake anali wosalala, wotha m'mbali chifukwa cha zala zake. Wa Dwight ankaoneka ngati watafunidwa ndi galu. Anawabwezera m'chikwama, aliyense thumba lake, mtima uli m'mwamba.

Wofunsa mafunso anali mayi wachikulire dzina lake Novak, wa magalasi olendewera pa chingwe, wooneka kuti anamva mabodza a mitundu yonse ndipo palibe limene lingamudzidzimutse. Anayatsa kachipangizo kojambulira mawu n'kuyamba. Anafunsa kumene galimoto inaimikidwa, amene ankaiyendetsa, ngati Marlene anali ndi ngongole, ngati anayesapo kuigulitsa. Marlene anayankha zonse, ngakhale funso la ngongolelo linamuwawa. Kenako Mayi Novak anatambasula dzanja kupempha makiyi.

Marlene anapisa m'chikwama. Zala zake zinakhudza kiyi wokwechedwa uja, n'kumusiya. Anaika wake yekha pa tebulo n'kunena kuti galimotoyo anaigula ndi kiyi mmodzi.

"Palibe kiyi wina amene anapangidwapo?" anafunsa Mayi Novak, maso ali pa iye. "Ganizani kaye bwino, mayi. Sindili pa changu."

Marlene anaona kuti akati palibe wanama, akati alipo waoneka ngati wachinyengo, ndipo njira zonse ziwiri zikuthera pa kutaya ntchito. Pomaliza anangoti chigwe chigwe, natulutsa kiyi wachiwiriyo.

"Alipo, ndi uyu. Anapangitsa ndi mlamu wanga galimoto itabedwa kale, akuti mukaona mmodzi mundiyesa wakuba. Zokandikazi ndi masitepe a kwathu, amati amukalambitse. Ine ndamunyamula chifukwa cha mantha, koma kukunamizani ndalephera."

Mayi Novak anamunyamula kiyiyo, anamutembenuza uku ndi uku, ndipo milomo yake inayamba kunjenjemera. Anayesetsa kudzigwira koma phwete linamupulumuka.

"Mlamu wanuyo asadzayerekeze kuba, angadzagwidwe asanatuluke pa geti," anatero akupukuta magalasi.

Kenako anafotokoza zimene Dwight, ndi nzeru zake zonse, sankazidziwa. Wosula makiyi akafuna kudula kiyi potengera nambala ya galimoto amayenera kupempha kwa opanga galimotoyo, ndipo pempholo limalembedwa, tsiku lake ndi dzina lake. Mayi Novak ankadziwa za kiyi watsopanoyo Marlene asanakwere n'komwe basi. Ankadziwanso kuti ku okushoni galimotoyo inatuluka ndi kiyi mmodzi, monga zimakhalira ndi magalimoto ambiri a ngozi. Kiyi mmodzi sunali mlandu ayi. Mlandu ukanakhala kuika awiri pa tebulo n'kulumbira kuti onse ndi akale, ndipo pamenepo kampani sikanapereka kanthu, mwinanso nkhani ikanafika ku polisi.

Marlene anamva thupi lonse likupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Anafuna kulira, anafunanso kuseka. Ndipo munthu akapulumuka pa chinthu chachikulu, zazing'ono saziopanso. Mayi amene analowa muja akunjenjemera anakhala tsonga pa mpando.

"Popeza mwaona kuti si ine wakuba, tikambe za theka lanulo. Polandira ndalama zanga mwezi ndi mwezi chidindocho simunkachiona? Bwanji simunkalandira theka? Chayamba kuoneka lero poti ndi nthawi yanu yopereka?"

Mayi Novak anazimitsa kachipangizo kaja. Anati za mtengo si za pa desiki pake, ndipo sanafune kumunamiza: galimoto ya chidindo siingafanane mtengo ndi inzake yopanda chidindo, ngakhale pa msika. Koma theka si lamulo la boma, ndi poyambira chabe pa amene amawerengera. Anamulangiza kuti asasaine kanthu, apeze mitengo ya magalimoto okonzedwanso ofanana ndi yakeyo amene akugulitsidwa m'deralo, aphatikize mapepala a apolisi aja anaiyendera, atumize zonse pamodzi.

Marlene atafika kunyumba anapeza Dwight akumudikira, atadya kale theka la mkate wake. Marlene anamufotokozera zonse osasiyako, ndi mawu a pa geti omwe. Mkuluyo anayesa kunena kuti malamulo ayenera kuti asintha chaka chomwechi, koma Marlene anamudula mawu.

"Mukanakhala munthu wapadera ndikanakumenyani ndi fosholo ya chipaleyo," anatero Marlene. "Koma khoswe wa pa mkhate sapheka. Valani jekete, mukandiyendetse m'malo ogulitsa magalimoto. Ndipo pakamwa panupo pakhale potseka."

Anayendadi, Loweruka lonse, m'chipale ndi m'matope. Dwight ankajambula mitengo pa foni, ndipo kawiri konse anatsegula pakamwa kuti aphunzitse ogulitsa ntchito yawo, koma akayang'ana nkhope ya mlamu wake ankangokhosomola. Anapeza magalimoto a chidindo angapo, onse okwera mtengo kuposa zimene kampani inkafuna kupereka.

Yankho linachedwa mpaka sabata yomaliza ya mwezi, Marlene atayamba kale kuganiza zokafunsira ntchito yotsuka mbale. Kampani inakweza ndalamazo. Sizinafike pamene iye ankafuna, ndipo mpaka lero akaikumbukira nkhaniyo amati anamudyera. Koma zinakwana kugula galimoto ina yakale, ya chidindo chomwecho, yokhala ndi chotenthetsera chogwira bwino ntchito.

Atamaliza kusaina, anakhala m'galimotomo pa bwalo la ogulitsawo, injini ikulira, osanyamuka. Kenako anaimbira abwana ake.

"Ndi Marlene. Okalamba anga aja musapatse munthu. Lolemba m'mawa ndiyambira kwa Bambo Lyle, muwauze asadzivute n'kuphika okha."