Akamvuluvulu Awiri a Dona

Severino ankadziwa akavalo kuposa mmene ankadziwira abale ake, ndipo Paulina, mkazi wake, sankatopa kumukumbutsa zimenezo. Mmawa uliwonse ankapalasa njinga kuchoka ku Mufakose kupita ku khola la mzungu wina kunja kwa Salisbury, kumene ana a azungu ankaphunzira kukwera akavalo. Wa pamtima pake anali Dona, kavalo wamkazi wofiirira, wofatsa moti ngakhale galu amuuwe m'miyendo sankagwedeza n'khutu lomwe.

Mu 1977 kufatsako kunasanduka tsoka. Asilikali a boma ankagula akavalo oti azikwera polondola anyamata a m'tchire omenyera ufulu kumalire, ndipo bwana analengeza kuti Lachisanu kubwera sajeni kudzasankha. Severino mtima unamuwawa. Tsidya la malire amenewo, ku Tete, kunali mayi ake, m'mudzi umene unali utatenthedwapo kale kamodzi. Kavalo amene iye anamuyamwitsa ndi botolo anyamule mfuti kupita nayo kwa mayi ake? Analumbira kuti zimenezo sizichitika iye ali moyo.

Nzeru inachokera kwa a Alufandika, mkulu wa ku Chipata amene anakalambira m'kholamo. Iwo khalidwe la kavalo ankaliwerenga pamphumi, pa ubweya wozungulira umene ankautcha kamvuluvulu. Akakhala mmodzi pakati pa maso, kavaloyo ndi wofatsa. Akakhala awiri, ndi wamisala. Severino ankaziseka zimenezi, poti anaonapo wa kamvuluvulu mmodzi akuthyola munthu nthiti. Koma a Alufandika ankamudziwa sajeniyo kuyambira ku mafamu, ndipo anati munthuyo amakhulupirira kamvuluvulu kuposa Baibulo.

Dona anali naye mmodzi, pakati penipeni.

Lachisanu Severino anatapa shuga m'chitini cha Paulina. Atafika kukhola anamusungunula m'timadzi, n'kutenga mswachi wakale, n'kuyamba kupotokola ubweya pambali pa kamvuluvulu weniweniyo. Kawiri konse ubweya unabwerera m'malo mwake. Kachitatu unagwira. Dona anangoima phee, osadziwa kuti akumunamizira misala.

Sajeni anafika dzuwa litakwera. Anagwira miyendo, anayang'ana mano, anakhutira. Kenaka anakweza maso pamphumi, n'kuima. Shuga uja anali ataitana alendo: ntchentche zinaunjikana pamphumipo. Dona, amene chibadwire sanavutepo munthu, anapukusa mutu mwamphamvu, n'kupukusanso, mpaka chipewa cha sajeni chinagwa m'ndowe. Sajeni anachitola, anatukwana m'chinenero chake, n'kuuza bwana kuti wa akamvuluvulu awiri sangamutenge ngakhale waulere.

Galimoto itachoka ndi akavalo atatu, bwana anabwerera n'kuyang'anitsitsa Dona. Zaka zisanu ndi chimodzi anali naye kavaloyo, koma bwana ameneyu ankayang'ana miyendo yokha, ya akavalo ndi ya antchito yomwe. Nkhope sankazidziwa.

“Kodi anali nawo awiri kuyambira kale?”

“Chibadwire, bwana,” anayankha Severino, maso ali pa tsache.

A Alufandika anatsokomola n'kupita kukatunga madzi.

Walira mvula walira matope. Sajeni ankabweranso mwezi ndi mwezi, ndipo bwana tsopano anali ataphunzira kuyang'ana pamphumi. Bodza la ubweya silichedwa kufufutika, likangokumana ndi mame kapena thukuta latha, choncho linkafunika kulipanganso tsiku lililonse. Mbiri inafikanso kwa amayi a ana aja, ndipo palibe anafunanso kuti mwana wake akwere kavalo wamisala. Dona, amene ankakonda ana, ankangowayang'ana ali kuseri kwa mpanda. Zimenezi zinkamupweteka Severino, koma mswachi sanausiye.

Paulina sanachedwe kuona kuti chitini chikutha msanga. Mwamuna wake atamufotokozera, Paulina anati kavaloyo si mwana wawo, ndipo shuga wa ana sakhudzidwa. Severino sanatsutse. Anakankhira kapu yake kutsogolo, n'kutambasula kapepala pambali pake.

“Wangayo muzithira apa.”

Paulina anathira masupuni awiri pakapepalapo. Severino anakulunga, anaika m'thumba la malaya, n'kumwa tiyi wake wopanda shuga. Anamwa wotero zaka zitatu, kufikira nkhondo itatha, ndipo Dona ku Tete sanapondeko.