Buku Lopanda Manambala

"Nanga uyu Wamanzere ndi ndani?" anafunsa mayi wa kompyuta, chala chili pa tsamba lothimbirira la buku.

A Foromani anasiya landa yopalira matabwa pa benchi n'kupukuta manja ku ovololo. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akuphunzitsa ukalipentala m'ndende imeneyi, ndipo panalibe amene anawafunsapo za bukulo.

"Ameneyo anali wamtali, wosakonda zolankhula. Ankapala matabwa ndi dzanja lamanzere, ndiye ndinachita kumutembenuzira benchi kuti asamagundane zigongono ndi anzake."

"Ndikufuna nambala yake, bambo."

"Nambala ankaisiya pakhomo apo, mayi. Muno munkalowa anthu."

Mayiyo anamwetulira, koma sanalembe kanthu. Boma linali litatulutsa ndalama zothandizira ndende, koma ulendo uno silinafune zongomva pakamwa. Linatuma anthu oti afufuze kuti ndi ntchito ziti zikuthandiza akaidi kuti akatuluka asabwererenso. Ntchito yokhala ndi umboni inkalandira thandizo, yopanda umboni inkatsekedwa. Tsono kompyuta inkamudziwa mkaidi ndi nambala basi. M'buku la a Foromani munali anthu oposa mazana atatu, koma onse anali ndi maina ongopatsana: Mlaliki, Kamsomali, Mphuno, Sindinabe.

"Sindinabe?" anawerenga mayiyo mokweza.

"Ankayamba nawo mawu amenewo ngakhale mwangomufunsa nthawi."

Ophunzira asanu amene anatsala m'shedi ya ukalipentalayo anaseka. Mayiyo anatseka buku n'kunena zoona zokhazokha, pakuti sanali munthu woipa mtima. Kwa kompyuta, shediyi inali isanaphunzitsepo munthu ndi mmodzi yemwe. Anawapatsa a Foromani mafomu ndi milungu iwiri. Akapeze ophunzira awo akale, aliyense alembe dzina lenileni ndi nambala yake ya kundende, asayinire. Akapanda kutero, pakutha pa mwezi makiyi akaperekedwa ku ofesi.

Atachoka, a Foromani anakhala pa benchi ya pakona n'kuyang'ana chipinda chonse. Kale munali mabenchi khumi ndi awiri, ndipo phokoso la masowo linkamveka mpaka kugeti. Ankakhoma madesiki a sukulu, zitseko, mabokosi a maliro. Mlaliki ankayambitsa nyimbo, enawo n'kumapolokoza ndi nyundo, mpaka msilikali wa pakhomo ankapezeka akugwedeza mutu. Fungo la matabwa ongopala linkawatsatira a Foromani mpaka kunyumba, moti akazi awo ankati anakwatiwa ndi kabati. Masiku amenewo ankawasowa kwambiri, ndipo sankabisa.

Anayamba kuyenda pa njinga tsiku lililonse akaweruka. Ena anali atamwalira, ena anasamukira kosadziwika. Mlaliki anamupeza akukhoma mipando kuseri kwa msika, imvi zili mbuu, ndipo anasayina akulira. Kamsomali anasayina atayamba wadandaula kuti a Foromani ankamukalipira kuposa anzake. Sindinabe sanavute kumupeza, chifukwa anali m'ndende momwemo, kachitatu tsopano.

Masiku khumi atatha, mafomu osayinidwa anali asanu ndi awiri okha.

"Achepa," anatero mayi wa kompyuta. "Koma pali njira ina. Mutapeza mmodzi amene anatsegula malo akeake n'kulemba anthu ntchito, komiti yogawa ndalama ikhoza kumva. Tingapite kukamujambula, nkhani yake n'kuiika kutsogolo kwa lipoti, dzina ndi nkhope yomwe."

A Foromani anadziwa nthawi yomweyo munthu wake. Mlaliki anali atawauza kumene Wamanzere amapezeka.

Loweruka m'mawa anapalasa njinga mtunda wautali. Malowo anawazindikira asanafunse munthu. Panja panatsamira zitseko zinayi, ndipo anaona mmene makona ake analumikizidwira popanda msomali, monga ankaphunzitsira iwo. M'kati munali amuna asanu ndi mmodzi akugwira ntchito. Benchi ya mwini wake inali yotembenuza.

Wamanzere anali atanenepa, dazi litayamba. Atawaona anaima kaye, kenako anavula chipewa n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi. Mukadali pa njinga yomwe ija?"

"Nanga ndiisiye yandilakwira chiyani? Iwetu ndiye wasintha. Mimba imeneyi ikufikitsa pa benchi?"

Anaseka onse awiri. A Foromani anayendetsa chala m'mphepete mwa tebulo latsopano kufunafuna polakwika, koma sanapapeze. Mtima wawo unadzaza, ndipo kwa kanthawi anaiwala chimene anabwerera.

Mkazi wa Wamanzere anatulukira ndi tiyi pa thireyi. Anagwada powapatsa moni.

"Awa ndi aphunzitsi aja ndimakuuza aja," anatero Wamanzere, maso ali pa kapu. "A kusukulu ya ntchito zamanja."

"Kodi ndi inu? Takulandirani, bambo. Dzina lanu silichoka pakamwa m'nyumba muno. Ana akalakwitsa kanthu amauzidwa kuti a Foromani akanakubwezani. Ndimawauza kuti tsiku lina atitengere tikaione sukuluyo, koma amangoti ili kutali."

"Ili kutalidi, mayi," anayankha a Foromani. Tiyi anawawotcha lilime koma anameza.

Mkaziyo atabwerera kunyumba, Wamanzere anawatengera kuseri kumene ankaumitsa matabwa. Analankhula motsitsa mawu.

"Mkazi wanga sadziwa za ndende. Malo anowa anandipatsa ndi apongozi anga, ndipo iwo mbala saifuna ngakhale pa mpanda. Ndinkati ndimuuza tikakwatirana, kenako ndinati mwana akabadwa. Pano wamkulu ali ku sekondale." Anayang'ana cha kunyumba. "Mlaliki anandiimbira foni. Ndikudziwa zimene mwabwerera. Tulutsani pepalalo ndisayine."

"Ukudziwa kuti abwera ndi kamera?"

"Ndikudziwa. Koma manja awa ndi anu, aphunzitsi. Ndikakana inu ndidzagona bwanji?"

A Foromani analowetsa dzanja m'thumba la jekete n'kuigwira fomuyo. Anaganiza za amuna asanu aja otsala m'shedi, mmodzi wa iwo atangoyamba kumene kudula thabwa mowongoka. Anaganizanso za mayi amene anawagwadira ndi thireyi. Wamanzereyu iwo anamuphunzitsa zaka zitatu kuti akatuluka ndende isadzamutsatirenso, ndiye lero aibweretse okha pa njinga?

Anatulutsa dzanja lopanda kanthu.

"Matabwa awa wawasanja moyandikana kwambiri," anatero. "Mphepo idutsa pati? Apindika onsewa."

"Aphunzitsi, pepala lija."

"Ndati apindika. Bweretsa timitengo tiike pakati."

Anasanja matabwawo limodzi mpaka dzuwa linafika pamutu, osalankhulanso za fomu. Potsanzikana a Foromani anangomuuza chinthu chimodzi, kuti mkazi wake adzamve kwa iye mwini, tsiku limene iye adzasankhe, osati kwa anthu a lipoti.

Lolemba mayi wa kompyuta anawapeza akunola sowo.

"Munamupeza?"

"Ndinamupeza. Ali ndi antchito asanu ndi mmodzi, ndipo zitseko zake zikuposa zanga."

"Ndiye basitu, tapulumuka. Fomu ili kuti?"

"Sindinamupatse, ndipo sindikuuzani kumene ali."

Mayiyo anawerenganso mafomu aja. "Bambo, mukudziwa kuti ndi mafomu asanu ndi awiri sindingathe kuiteteza shediyi?"

"Ndikudziwa, mayi. Inu lembani zimene mwaona, simunalakwe."

Panatsala masiku khumi ndi awiri. A Foromani anapempha kwa bwana wa ndende kuti ophunzira asanu aja azibwera m'mawa ndi masana omwe, ndipo anawafulumizitsa ngati mvula ikubwera. Zimene ankaphunzitsa miyezi itatu anazipanikiza m'milungu iwiri yosakwana, akukalipa kuposa kale, chifukwa akasiya kukalipa misozi inkayandikira. Tsiku lomaliza aliyense anapachika chitseko chake pa felemu, ndipo zinayi zinatsekeka bwinobwino. Chachisanu chinkakhula pansi. A Foromani anayang'ana wotchi, n'kumupatsa mwini chitsekocho landa.

"Chichotse uyambirenso," anatero. "Ku ofesi makiyi akawalandira mochedwa."