Makiyi a Pikapu ya Malemu Maliko

"Injini yatha iyi, mlamu. Ku Chipata kuli munthu akufuna bodi yokha," anatero Maxwell, akuzunguliza makiyi pachala.

Chimwalirireni Maliko, mwamuna wa Veronika, pikapu yakaleyo inali m'manja mwa Maxwell, mng'ono wa malemuyo, ati kuisamalira. Kusamalira kwake kumeneko! Tsopano inkafuka utsi wakuda bii, petulo ikumwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Chonsecho ndiyo inkanyamula fodya wa alimi a ku Ludzi n'kudyetsa ana atatu a Veronika.

"A Mateyo, iyezeni ine ndikuona," Veronika anauza makaniko wapagalaja pomwe anabweretsa galimotoyo.

Mateyo analandira makiyi, analiza injini mpaka inatentha, kenaka anakwawira pansi ndi kamita kake. Analumikiza mawaya ku kachipangizo komangidwa pa paipi ya ekizozi.

"Aka ndi sensa, mayi. Kamanunkhiza utsi n'kuuza injini petulo woyenera kumwa. Kakakhala kamoyo, manambala pamitapa amavina, kukwera ndi kutsika. Taonani."

Manambala anangoti duu. Mateyo anawonjezera moto, osasuntha. Injini itazizira anamasula kasensako, ndipo kanatuluka katakutidwa ndi mwaye.

"Kafa ndi aka, injini ilibe mlandu. Koma a Maxwell, petulo mumathira kuti?"

"Kwa azigubu kuboda. Amatchipa."

"Wosakaniza ndi parafini uja? Ndiye mwakaphika nokha!"

Nkhope ya Maxwell inagwa, koma pakamwa sipanatseke. "Lero sensa, mawa china. Galimoto si ya munthu wamkazi, mlamu. Akubanja tinagwirizana kale kuti igulitsidwe."

Veronika anapsa mtima.

"Munagwirizana ndi yani? Mmene ine ndi achimwene anu tinkasoka fodya mpaka zala kutupa kuti tigule galimotoyi, akubanjawo anali kuti?"

Anatsegula chitseko, anazula makiyi, n'kuwamanga pamfundo ya chitenje chake m'chiuno.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlamu. Wapachala ngwamphepo," Veronika anamuuza.

Maxwell anatambasula dzanja. Anthu apagalaja onse anasiya zochita n'kutembenuka.

"Bwerani," anatero Veronika, manja ali m'mwamba. "Dzamasuleni chitenje cha mkazi wa achimwene anu, Mchinji yonse ione."

Dzanja lija linabwerera m'thumba pang'onopang'ono.

"A Mateyo, itanitsani sensa ina. Woyendetsa ndimupeza ndekha."